Kabungwe ka Alembi a ku Chancellor College

M'caka ca 1970, m'dziko la Malawi, ophunzira owerengeka a pa sukulu yaikuru ya Chancellor College anapangana ndi ena mwa aphunzitsi ao kuti azikomana kamodzi pa mlungu, kuti aziwerengerana zimene alemba. Masiku amenewo sukuluyo inali ku Chichiri, mu mzinda wa Blantyre, koma m'caka ca 1973 inasamukira ku Zomba, ndipo kabungweko kanasamuka nayo pamodzi. Dzina lace linali Writers' Group, ndiko kunena kuti Gulu la Alembi. Munalibe malipiro m'menemo, munalibenso mayeso. Munthu anangofika ndi ndakatulo kapena nthano yace, naiwerenga pamaso pa anzace, nakhala cete kumva m'mene aipimire.

Kupimako sikunali kwa cibwana. Wophunzira wa caka coyamba anali ndi ufulu wakutsutsa mau a mphunzitsi wace, ndipo mlembi amene anadza akuyembekeza kuyamikidwa nthawi zina anabwerera ndi pepala lofunika kulembedwanso. Mwa iwo amene anasulidwa m'cipala cimeneci munali Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Steve Chimombo ndi Frank Chipasula, ndipo mwa aphunzitsi munali David Kerr ndi Landeg White. M'caka ca 1971 anasonkhanitsa ndakatulo 39 nazisindikiza m'kabuku kochedwa Mau.

Koma cimene cinasiyanitsa kabungwe aka ndi timabungwe tina totere ndi nyengo imene kanabadwiramo. Kuyambira 1966 Malawi linali dziko la cipani cimodzi. M'caka ca 1968 boma linaika lamulo lakuti mabuku, masewero ndi zithunzi za kanema ziyambe zaonedwa ndi bungwe la boma, limene linali ndi mphamvu yakuziletsa. Ndipo mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wa moyo wace wonse. Tsono popeza khomo la kabungweko linali lotsegukira aliyense, alembi anadziwa kuti pakati pa omvera pangakhale kazitape. Mau olunjika akadamangitsa munthu usiku womwewo.

Pamenepa ndi pamene anyamatawo anatembenukira ku nzeru za makolo. Akuru a kale, pofuna kudzudzula mfumu, sanaichula dzina. Anaimba nyimbo ya pamtondo, kapena anaponya mwambi, ndipo wakumva anamva. Alembi awa anacita cimodzimodzi, ngakhale kuti zambiri anazilemba m'Cingelezi. Chimombo anatenga Napolo, cinjoka ca pansi pa phiri cimene anthu amati cikamasamuka cimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, monga cinacitira ku Zomba m'caka ca 1946. Mapanje anatenga bilimankhwe, kanyama koyenda mwakacetecete, kosintha maanga monga mwa tsamba limene kapondapo. Analembanso za dzenje la Chingwe, la pa phiri la Zomba, m'mene mbiri imati anthu anali kuponyedwamo kale. Wowerenga mwaulesi anaona nthano za agogo cabe. Ndipo apa kupimana kuja kunagwira nchito ziwiri: mnzako anakuuza pamene mau ako afooka, anakuuzanso pamene tanthauzo laonekera poyera mopitirira, monga munthu amene auza mbale wace kuti nsaru yang'ambika.

Cobisaco sicinawachinjirize onse. Landeg White anapitikitsidwa m'dzikomo mu 1972. Chipasula, amene anabadwira ku Luanshya kuno ku Zambia, anaona buku lace loyamba, Visions and Reflections, likusindikizidwa ku Lusaka m'caka comweco. Pambuyo pace anacoka m'Malawi nadzatsiriza maphunziro ace pa Yunivesite ya Zambia.

Mapanje anakhalabe. Buku lace, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ku London mu 1981, ndipo patapita zaka zowerengeka linacotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu a m'Malawi. Pa 25 September 1987 apolisi anamgwira ku Zomba, ali mkuru wa cigawo ca maphunziro a Cingelezi pa sukulu yomwe ija, namtsekera m'ndende ya Mikuyu. Sanamuimbe mlandu m'bwalo liri lonse, ndipo sanamuuze cimene analakwa. M'ndendemo munalibe cilolezo ca pepala ndi colembera, motero ndakatulo zambiri anazipeka mumtima nazisunga pamtima. Alembi a m'maiko ambiri anapfuula cifukwa ca iye kufikira anamasulidwa m'mwezi wa May 1991, atakhalamo zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri. Anapita ku England pamodzi ndi banja lace, ndipo ndakatulo za m'ndende zija zinaturuka m'buku mu 1993, caka comwe anthu a ku Malawi anaponya voti yakukana ulamuliro wa cipani cimodzi.