Buledi wa ku Osaka ndi fayilo ya mayi wamasiye

Mwana wa mchemwali wanga atandiuza kuti ku yunivesite akuphunzira knowledge management, ndinaseka. Ine ndinakalambira m'chipinda cha mafayilo, ku rejisitale, ndipo sindinalotepo kuti kusamala nzeru za pantchito kungakhale ndi mayeso ndi digiri. Pa holide anandibwereka mabuku ake. Ndinawawerenga usiku ndi usiku, magalasi ali pamphuno, ndipo nditalondola phunziroli kumene linachokera ndinakapeza buledi.

Mbewu yake inafesedwa kale ndithu. Mu 1959 Peter Drucker anayamba kulemba za antchito amene chida chawo chili m'mutu, chimene bwana sangachitsekere m'sitolo madzulo. Mu 1966 Michael Polanyi, mbadwa ya ku Hungary yomwe inasiya chemistry n'kuyamba filosofi ku Manchester, anatulutsa buku lotchedwa The Tacit Dimension. Iye ankati pali nzeru zina zimene munthu ali nazo koma pakamwa sizitulukira. Nkhope ya m'bale wanu mumaizindikira pakati pa chikhamu cha anthu, koma wina atakufunsani kuti mwaizindikira bwanji, mungoyamba chibwibwi.

Ndiye buledi uja. Mu 1985 kampani ya Matsushita ku Osaka, imene lero timaidziwa kuti Panasonic, inkafuna kupanga makina ophikira buledi panyumba. Buledi wake ankapserera kunja, m'kati muli muwisi. Akatswiri anafika mpaka pojambula ndi X-ray ufa wokandidwa ndi makina ndi wokandidwa ndi anthu, koma sanaone kanthu. Mayi wina wolemba mapulogalamu a kompyuta, Ikuko Tanaka, anangoti apite akakhale wophunzira kwa mkulu wa ophika buledi pa Osaka International Hotel. Mkuluyo sanathe kufotokoza chinsinsi chake, poti mwina iye mwini sankadziwa kuti ali nacho. Tanaka anakanda naye ufa, kuyang'ana, kukandanso, mpaka anaona kuti mkuluyo pokoka ufawo ankaupotokolanso. Anakauza mainjiniya, iwo anaika timizere m'kati mwa chotengera cha makinawo, ndipo mu 1987 makina anafika m'masitolo buledi wake akukoma.

Nkhaniyi inatchuka chifukwa cha Ikujiro Nonaka, amene anailemba mu Harvard Business Review mu 1991, kenako m'buku la 1995 limene analemba ndi Hirotaka Takeuchi, The Knowledge-Creating Company. Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Kampani ya inshuwalansi ya Skandia ku Sweden inali itasankha kale Leif Edvinsson mu 1991 kukhala woyang'anira chuma cha m'mitu ya antchito ake. Mu 1997 magazini ya akatswiri ya Journal of Knowledge Management inayamba kutuluka, ndipo chaka chomwecho Nonaka anapatsidwa mpando wauprofesa ku Berkeley umene ndalama zake zinachokera ku Xerox ndi Fuji Xerox. Phunziro likapeza magazini ndi mpando, ndiye kuti lalowa m'kalasi basi.

Za Xerox zinandisangalatsa pa chifukwa china. Julian Orr anatsatira amisiri a Xerox okonza makina ofotokopera, n'kupeza kuti mabuku a kampani sankawathandiza kwenikweni pa mavuto ovuta. Chimene chinkawathandiza ndi nkhani zimene ankakambirana pa chakudya cham'mawa: makina akutiakuti akamalira motere, yang'ana pakutipakuti. Buku lake linatuluka mu 1996. Ife tinkachita zomwezo pa tiyi wa 10 koloko, ndipo mabwana ankati tikutaya nthawi.

Dera lathu lino linalowamonso, ngakhale molowera kukhomo la kuseri. Mu 1996 James Wolfensohn, mkulu wa World Bank panthawiyo, analengeza kuti bankiyo ikhala banki ya nzeru. Stephen Denning, amene ankatsogolera ntchitoyo, ankakopa anzake powasimbira za wazaumoyo wina m'katauni kakang'ono ku Zambia, yemwe mu June 1995 anapeza yankho la kachizidwe ka malungo pa intaneti, patsamba la CDC ya ku Atlanta. Nkhaniyo inagwira ntchito yake. Ine imandiwawa pang'ono: wa ku Zambia ndi wofunsa, wa ku Atlanta ndi woyankha, ndipo zimene wazaumoyoyo ankadziwa pa odwala ake sizikutchulidwa n'komwe.

Makampani ambiri anamva za buledi uja koma anakagula makompyuta. Mu 2002 Tom Wilson wa ku Sheffield analemba mosapsatira kuti zambiri zotchedwa knowledge management n'kusunga zikalata komwe kuja, kwangovala malaya atsopano. Monga munthu wa mafayilo, sindinamutsutse.

Mu ofesi mwathu munali bambo ena achikulire amene anayamba ngati mesenjala. Atatsala pang'ono kupuma, tinawapempha alembe zonse zimene ankadziwa. Analemba masamba awiri, mwaukhondo, tinawaika m'fayilo. Patapita miyezi itatu kunabwera mayi wamasiye wofuna penshoni ya malemu amuna ake, ndipo fayilo sinaoneke. Tinafufuza sabata yathunthu, mayiyo akukhala pabenchi panja tsiku ndi tsiku, kachikwama kali pamiyendo. Loweruka ndinakwera njinga kupita kwa bambo aja. Ndinawapeza akupalira chimanga kuseri kwa nyumba.

"Bambo, tavutika ndi fayilo," ndinatero, n'kutchula dzinalo.

Anatsamira khasu, natsinzina. "Munthuyo analembedwa ntchito nthawi ya kalaliki uja wolemba maina mongomvera?" Ndinati mwina. "Ndiye mukufuna pa R. Kayang'aneni pa L, mwana wanga, m'kabati yachiwiri, pansi penipeni."

Lolemba m'mawa ndinagwada pa kabatiyo, ndipo fayilo inali pomwepo, chingwe chake chitathetheka ndi ukalamba. Ndinakawerenganso masamba awiri aja. Za kalalikiyo munalibemo.