Nkhondo ya m'Magazi: Kuyambira Masiku a ku Bandawe

Pamene Dotolo Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kukakhazikika ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, m'chaka cha 1881, anatenga mipeni ya opaleshoni ndi mankhwala ogonetsa munthu otchedwa chloroform. Koma panali matenda ena amene mpeni sunali kuwatha. Taifodi ikakula imaboola matumbo, ndipo zonyansa pamodzi ndi tizirombo zimakhuthukira m'mimba. Masiku amenewo wodwala wotere kawirikawiri ankamwalira, kaya ali ku Bandawe kaya ku Scotland, pakuti mankhwala opha tizirombo kunalibe, ndiponso madotolo anali asanadziwe chimene chimamenyera munthu nkhondo m'magazi mwake.

Yankho linayamba kuoneka ku Ulaya m'zaka zomwezo zimene Laws anali pakati pa Atonga. Mu 1882, ku Messina m'dziko la Italy, Elie Metchnikoff analasa munga kanyama kakang'ono ka m'nyanja yamchere, ndipo m'mawa mwake anapeza maselo ataunjirira mungawo. Iye anaphunzitsa kuti maselo oyera a m'magazi ndiwo asilikali a thupi, chifukwa amameza tizirombo.

Akatswiri a ku Germany anakana, nati mphamvu ili m'madzi a m'magazi. Mu 1894, chaka chimene Laws anakwera kupita ku Khondowe, Richard Pfeiffer wa ku Berlin anathira tizirombo ta kolera m'mimba mwa mbira zimene anazitemera kale, ndipo tizirombo tija tinasungunuka. Chaka chotsatira, Jules Bordet ku Paris anapeza kuti m'madzimo muli zinthu ziwiri: antibody, amene amazindikira mdani, ndi complement, amene amamuphulitsa.

Mkangano unatha pamene kunadziwika kuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1903 Almroth Wright wa ku London anasonyeza kuti madzi a m'magazi amayamba apaka kachirombo chizindikiro, kenaka maselo oyera amakameza msanga.

Ana a kuno kwathu nawonso anachitira umboni nkhaniyi. Mu 2008 ofufuza a ku Blantyre analengeza zimene anapeza pa tizirombo ta Salmonella, abale ake a taifodi, timene timachoka m'matumbo n'kulowa m'magazi. Khanda limabadwa ndi antibody wa mayi ake, koma pakapita miyezi ingapo amatha, mwanayo asanapange wake. Pa nyengo imeneyi magazi ake satha kupha tizirombo, ngakhale complement alipo, ndipo ndipamene ana ambiri amadwala.

Katemera ntchito yake ndi kuphunzitsa magazi kumdziwiratu mdani. Katemera watsopano wa taifodi anayesedwa pa ana a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira 2018, ndipo m'mwezi wa Meyi 2023 boma linamupereka m'dziko lonse kwa ana a miyezi 9 kufikira osakwana zaka 15.

Komabe, omvera a ku Kande, Mpamba, Usisya ndi kwina konse, asilikali a m'magazi sasoka matumbo obooka. Munthu amene watentha thupi masiku angapo, kenaka mimba n'kuuma ngati thabwa ndi kupweteka koopsa, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko opaleshoni ndi mankhwala opha tizirombo zikhoza kumupulumutsa, ngati wafika nthawi isanathe.