MAINA NDI ZIWONGO ZATHU: KUMENE ZINACOKERA

Caka ndi caka, Loweruka lotsiriza la mwezi wa Ogasiti, timasonkhana pa Mkaika m'boma la Katete kudzalamba Kalonga Gawa Undi. M'khamu lija mumamveka kuitanizana: "Aphiri!" "Anabanda!" "Ambewe, mwafika liti?" Anthu a ku Malawi, a ku Mozambique ndi a kuno kwathu, amene sanaonanepo ndi kale lonse, akangouzana ciwongo amayamba kucitirana za cibale. Ici cisonyeza kuti nchito ya dzina iposa kuitanira munthu cabe. Tiyeni tsono tione kumene maina athu anacokera, powayerekeza ndi a mitundu ina, kuti tidziwe cuma cimene tanyamula.

DZINA LA UBWANA

Kale mwana sanali kutchedwa dzina pa tsiku lobadwa. Mai ndi khanda anali kukhala m'cikuta kufikira mcombo utagwa, ndipo atatuluka, agogo kapena mbale wina wamkulu ndiye anali kutcha dzina, naperekanso kamphatso monga mkanda kapena nkhuku. Dzinalo linali kusimba zimene mudzi unali kuona pa nthawiyo. Wobadwa m'caka ca cilala anali Njala. Wobadwa atate ace atamwalira anali Masiye. Makolo amene ana ao anali kungofa motsatizana anali kutcha wotsatira Manda, Maliro kapena Misozi, pakuti anali atataya mtima. Maina ena anali uthenga. Mkamwini amene sakanatha kuyankha apongozi pamaso, kapena mai wotopa ndi mijedo ya anansi, anali kulankhulira mwa mwana: Lekani, Ganizani, Mwatitha, Tiyanjane. Mudzi wonse unali kumva, koma panalibe mlandu.

Atsogoleri a maiko athu naonso anatchedwa motero. Dzina la Kamuzu, la mtsogoleri woyamba wa Malawi, litanthauza muzu waung'ono, ndipo amati linakumbutsa mankhwala amene mai ace anamwa kuti aone mwana. Kenneth Kaunda, wobadwira ku Lubwa mu 1924, anatchedwa Buchizya, ndiko kuti wosayembekezeka, cifukwa anadza makolo ace atakhala kale m'banja zaka zambiri.

Dzina la ubwanali silinali la moyo wonse. Mtsikana akabvinidwa cinamwali, kapena mnyamata akalowa kudambwe, anali kulandira dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi lakale kunali cipongwe. Akabala mwana, ulemu unali kumutcha Amake Dalitso kapena Atate ace a Dalitso. Motero munthu mmodzi anali kupyola maina atatu kapena anai asanalowe m'manda.

Mitundu ina inacitanso cimodzimodzi. Pakati pa Aakan a ku Ghana mwana amatenga dzina la tsiku limene wabadwa: Kwame Nkrumah ndi dzina la Loweruka, Kofi Annan la Lacisanu. Ngakhale maina amene tiwayesa a cizungu ali ndi matanthauzo ofanana ndi athu. Isake m'Cihebri ndi kuseka, monga Sekani. Yohane anena za cisomo ca Mulungu, monga Cisomo. Dorothy m'Cigriki ndi mphatso ya Mulungu, Felix m'Cilatini ndi wamwai, ndipo Dolores wa ku Spain ndiye Cisoni wathu yemwe.

CIWONGO

Akuluakulu amasimba kuti makolo athu ali pa ulendo, ena anagona pamwamba pa phiri natchedwa Aphiri, ena anawanda udzu m'munsi natchedwa Abanda. Ufumu wa Maravi unakhazikika pa mapfuko awiriwa. Aphiri anagwira mpando wa Kalonga, Abanda anasunga za nthaka ndi za mvula, ndipo Kalonga anali kukwatira Mwali wa kwa Banda. Pambali pao panali Amwale, Ambewe, Ankhoma ndi ena. Akazi ali ndi machulidwe aoao: Naphiri, Nabanda, Nambewe, Nankhoma, ndipo mlongo wa Mwale ndi Nangondo.

Apa pali cinthu cimene ambiri sitilingalira. Kalonga ndi Phiri kaamba ka mai ace, Nyangu, pakuti mwa ife Acewa mbumba ndi ufumu zitsata ku cikazi. Koma lero pafupifupi tonse titenga ciwongo ca atate. Kusinthaku kunakula Angoni atafika. Iwo anaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo pambuyo pace a Mpezeni anadzakhala pakati pathu. Kwa iwo mwana ndi wa atate, ndipo mau enieniwo akuti ciwongo acokera ku mau ao akuti isibongo. Cotero Mcewa wa lero ayenda ndi mizu iwiri: ciwongo ca atate cimene cimveka poyera, ndi mtundu wa amai umene uweruza za maliro, za munda ndi za ufumu.

Palinso maina amene samwalira. Mfumu ikagona, mphwace alowa dzina, ndipo alowanso cibale conse ca mwini dzinalo. Akuluakulu amamasulira kuti Kalonga ndi wolonga mafumu, Gawa ndi wogawa dziko, Undi ndi wofungatira anthu monga mbalame ifungatira anapiye. Makewana wa ku Msinja, wosunga kacisi wa mvula, ndiye make wa ana onse. Amene anyamula maina amenewa asintha, koma dzina likhalabe pa mpando.

DZINA LA BANJA KWA AZUNGU

Tisayese kuti azungu anabadwa ndi maina awiri. Ku England maina a mabanja anayamba kufala Anormani atalanda dzikolo mu 1066, ndipo panapita zaka zoposa mazana atatu kuti afike kwa anthu wamba ambiri. Anali kuwatenga ku nchito, ku malo kapena kwa atate. Smith ndi wosula zitsulo, Taylor ndi wosoka, Johnson ndi mwana wa John, monganso Mac wa ku Scotland atanthauza mwana wa uje. Mzungu wotchedwa Hill ndi Phiri wa kwao. Ku Turkey lamulo lakuti banja lililonse likhale ndi dzina linadza mu 1934, ndipo pamenepo mtsogoleri wao Mustafa Kemal anapatsidwa dzina la Atatürk. Ku Iceland kufikira lero ambiri alibe dzina la banja. Mwana angotchedwa mwana wa atate ace kapena wa mai ace. Kawirikawiri cimene cinaumitsa maina ndi kaundula wa boma, wofuna kudziwa wokhoma msonkho ndi wolowa cuma.

MISHONI, MIGODI NDI CITUPA

Kwathu kuno zinthu zitatu zinasintha maina. Coyamba ndi mishoni. Kucokera pamene a Dutch Reformed anatsegula Magwero mu 1899, ndi Akatolika pambuyo pace, wobatizidwa anali kulandira dzina la m'Buku Lopatulika kapena la woyera mtima, ndipo la kumudzi linali kuyesedwa lacikunja. Sukulu inathandizira: ngakhale Rolihlahla Mandela wa ku South Africa anatchedwa Nelson ndi mphunzitsi wace tsiku loyamba m'kalasi.

Caciwiri ndi ulendo wa kunchito. Makolo athu opita ku Joni, ku Salisbury ndi ku migodi ya mkuwa anabwerako ndi maina monga Supuni, Foloko ndi Sikisipensi. Ena anapatsidwa ndi bwana wolephera kutchula dzina lao, ena anadzisankhira okha kaamba ka kunyadira za kutauni.

Cacitatu ndi colembera ca kalaliki. Kaundula wa msonkho ndi citupa zinafuna maina awiri osasintha. Wina anapereka ciwongo, wina dzina la atate ace, wina dzina la kumgodi, ndipo cimene cinalembedwa tsiku limenelo ndico cinasanduka dzina la zidzukulu zonse. Ndico cifukwa abale a mimba imodzi nthawi zina ali ndi maina a banja osiyana. Mkazi amene anali Nabanda kufikira imfa anayamba kulembedwa ndi dzina la mwamuna wace. Ife amene tinagwira nchito m'maofesi a boma utapita ulamuliro wa atsamunda tibvomereze kuti tinapitiriza zomwezo: pa pepala panali malo a dzina ndi a ciwongo, koma panalibe pamene tikanalemba mtundu wa amai kapena cifukwa ca dzinalo.

COTSALIRA IFE

Cilandirire ufulu mu 1964 maina a kwathu abwerera, ndipo tikondwa kumva Cikondi, Madalitso ndi Cimwemwe m'masukulu a ku Lusaka ndi ku Kitwe. Ku Zaire, Mobutu anakakamiza anthu mu 1972 kutaya maina a cizungu; ife sitinafune lamulo lotero. Koma funsani mdzukulu wa m'tauni cifukwa cace agogo ace anatchedwa Mabvuto, kapena mtundu wa amai ace, ndipo mudzaona akuyang'ana pansi.

Mwambo wa Kulamba unaletsedwa ndi atsamunda mu 1934, nuukanso mu 1984 m'nthawi ya Kalonga Gawa Undi Chivunga. Unauka patapita zaka 50 cifukwa panali nkhalamba zimene zinali kukumbukira. Tanthauzo la dzina likapita kumanda pamodzi ndi amene analitcha, palibenso wolifukula. Tsono pobwerera ku Mkaika, yense wa ife akhale pansi ndi wamkulu wa pa mbumba yace, alembe m'kabuku maina a makolo, amene anawatcha, cifukwa cace, ciwongo ca atate ndi mtundu wa amai, napatse ana. Paja mau a akulu akoma akagonera, koma agonera kwa iye amene anawamva.

Yooh Gawa!