Mbiri ya Kunyonyomala ndi Chitsulo Pamsana

Pa masewera onse onyamula zitsulo, ndi ochepa amene asintha kachitidwe kake monga momwe kwasinthira kunyonyomala ndi chitsulo pamsana, kumene anthu a m'majimu amangokutcha sikwati, ndiko kusenza ndodo yachitsulo yokhala ndi zolemera mbali zonse ziwiri, kutsika nayo mpaka ntchafu zitagona, kenaka n'kudzukanso. Pamene Alan Calvert ankakhazikitsa kampani ya Milo Barbell mumzinda wa Philadelphia mu 1902, aphunzitsi ankalangiza kuti munthu azitsika ataimira zala za kumapazi, zidendene zili m'mwamba, ndipo popeza woima chotero amadzandira, chitsulo chinkayenera kukhala chopepuka, kotero kuti za kulimba kwa msana panalibe amene ankazilabadira.

Zinthu zinasintha ndi Henry Steinborn, Mjeremani amene anafika ku America chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, yemwe ankaponda phazi lonse pansi. Masiku amenewo kunalibe zoikapo chitsulo, choncho iye ankachiimika chilili ngati mzati, n'kuwerama cham'mbali, kuchipendekera pang'onopang'ono mpaka chitagona pamapewa iye atanyonyomala kale, kenaka n'kudzuka nacho, ndipo mwa njira yoopsa imeneyi ankanyamula makilogalamu oposa 240. M'zaka za m'ma 1930 Mark Berry, mkonzi wa magazini ya Strength, anafalitsa mizati iwiri yokhala ndi mphanda yokhazikapo chitsulo, zimene zinatsegulira njira anthu wamba monga Joseph Hise, amene anatchuka ndi kunyonyomala ka 20 mosalekeza komanso kumwa mkaka wochuluka.

Panali nthawi imene madokotala ndi aphunzitsi anadana ndi masewerawa, makamaka Karl Klein wa pa yunivesite ya Texas atalemba mu 1961 kuti kutsika kwambiri kumafooketsa mitsempha ya m'mawondo, mfundo imene kafukufuku wa pambuyo pake sanaivomereze, ngakhale kuti mantha amene inadzala akadalipobe.

Nkhani ya msana wam'mwamba inakula pamene sikwati inakhala mpikisano, kuyambira pa mpikisano wa dziko lonse la America umene unachitikira ku York, m'chigawo cha Pennsylvania, mu 1965, kufikira pokhazikitsidwa kwa bungwe la International Powerlifting Federation mu 1972, lomwe lamulo lake ndi lakuti pokumanira ntchafu ndi chiuno pazitsika kupitirira pamwamba pa bondo. Opikisana anazindikira kuti akatsitsa chitsulo pang'ono kuchoka m'munsi mwa khosi n'kuchigoneka kuseri kwa mapewa, chiuno ndi matako zimagwira ntchito yaikulu ndipo kulemera kumawonjezeka. Koma pamalo amenewa palibe fupa lochirikiza chitsulo, choncho wonyamula ayenera kudzipangira yekha pokhazika, pokokera mafupa a kuseri kwa mapewa pamodzi ngati akufuna kupana cholembera pakati pawo, kugwira ndodo manja atayandikana monga momwe mapewa angalolere, ndi kukokera zigongono kunthiti, mpaka minofu itatukumuka ngati nkhata ya wosenza mtsuko. Akalekerera minofuyo, chifuwa chimagwa, chitsulo chimagubudukira kukhosi kapena kutsetserekera kumanja, kulemera kumachoka pakati pa phazi, ndipo miyendo, ngakhale ikhale yamphamvu chotani, imakankha msana wopindika umene sungafikitse mphamvuyo ku chitsulo.

Apa ndi pamene mnzake wa wonyamula anakhala wofunika, pakuti munthu sadziona kumbuyo, ndipo kalilole wa m'jimu amangoonetsa nkhope ndi mawondo. Luso limeneli linafala kwambiri pakamwa, woima kumbuyo akugunda ndi chala pakati pa mapewa a mnzake ndi kumukumbutsa kuti amange msana ndi kukoka mpweya asanachotse chitsulo pa mphanda, osati atayamba kale kutsika, ndipo mabuku monga Starting Strength la Mark Rippetoe, lomwe linatuluka mu 2005, anadzalongosola mwatsatanetsatane zimene zinkachitika kale m'magalaja. Pa msana womangika motero Fred Hatfield ananyonyomala ndi makilogalamu pafupifupi 460 mu 1987.