Chigoba cha Nyau Pamaso pa Kamera

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mudzi wokhala ndi mzinda umadziwika ndi gule wamkulu. Zirombo zimatuluka pamaliro, pabona, pachinamwali ndi polonga mfumu. Kwa Achewa chirombo si munthu ayi, koma mzimu wochokera kumanda. N'chifukwa chake kuyambira kale mmisiri ankasemera chigoba kudambwe, kutali ndi maso a amayi, ana ndi onse osalowa gule. Ndi kasemasema ndi mpeni ankasandutsa chipika kukhala nkhope ya Chadzunda, tate wa zirombo, koma dzina la mmisiriyo silinkatchulidwa pabwalo.

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, kenaka ku Kongwe mu 1894, analetsa Akhristu kuchita nawo za nyau. Chimodzimodzinso ansembe Achikatolika amene anakhazikika ku Mua, m'boma la Dedza, mu 1902. Amisiri anayankha ndi luso lawo. Anasema Simoni, wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, ndiponso Maliya, mwini dzina lotchuka m'tchalitchi. Motero zigoba zinasanduka kaundula wa zimene mudzi unaona.

Kusintha kunayambira ku Mua komweko. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anakhazikitsa malo a zaluso a Kungoni. Anaphunzitsa osema ziboliboli, nasonkhanitsa zigoba zoposa 400 m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare. Buku lawo la mu 2012, lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance, lili ndi zithunzi za zirombo ndi matanthauzo ake. Nalo bungwe la UNESCO linavomereza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu onse.

Komabe ulemu umenewu unadza ndi vuto. Mphamvu ya chigoba yagona pa chinsinsi, pamene chithunzi chimaonetsa kwa aliyense. Chigoba chopachikidwa pakhoma chilibe ng'oma, fumbi ngakhale amayi oyimbira, ndipo mwana wosalowa amachiyang'ana mopanda mantha. Koma nacho chigoba chobisidwa chimadyedwa ndi chiswe, ndipo mmisiri akamwalira amapita ndi tanthauzo lake.

Choncho wojambula waulemu amayamba wapempha kwa mfumu, mwini mzinda. Amajambula zovinidwa pabwalo, za kudambwe nazisiyira eni ake.