Za Alembi Awiri a Masewero a pa Mudzi wa Kamĩrĩĩthũ

M'dziko la Kenya, pafupi ndi Limuru, kumene kuli minda ya tiyi ndi fakitale ya nsapato ya Bata, kuli mudzi dzina lace Kamĩrĩĩthũ. Mudzi watsopano wa pamenepo sunamangidwa mwa kufuna kwa eni ace ai. Pa masiku a nkhondo ya Mau Mau, imene inabuka m'caka ca 1952, Boma la Angelezi linapasula midzi ya Akikuyu ndi kuwaunjika anthu pamodzi, kuti asapereke cakudya kwa ankhondo a m'nkhalango. Mnyamata wina wa komweko, pobwera ku sukulu kudzapumula m'caka ca 1955, anapeza pa nyumba ya amace pali bwinja. Ameneyu ndiye Ngũgĩ wa Thiong'o, wobadwa m'caka ca 1938, amene pambuyo pace anachuka ndi mabuku ace a m'Cingelezi, nakhala mphunzitsi wamkuru pa Yunivesite ya Nairobi.

Iye mwini asimba kuti m'caka ca 1976, tsiku la Sabata m'mamawa, anafika kwace mai wina wa m'mudzimo. Maiyo anati anthu amva kuti iye ali wophunzira ndi wolemba mabuku, ndipo anampempha kuti agawireko mudzi maphunziro acewo, pakuti nyumba ya msonkhano ya anyamata inalinkugwa. Sabata linzace anabweranso, ndi linzacenso, kufikira Masabata anai. Pamenepo mphunzitsiyo anabvomera. Pa nchitoyo anali pamodzi ndi mnzace wa dzina, Ngũgĩ wa Mĩriĩ, wobadwa m'caka ca 1951, wa nchito pa Yunivesite yomweyo, amene anayang'anira sukulu ya akuru osadziwa kuwerenga. Popeza onse awiri ndiwo a Ngũgĩ, tidzawachula ndi maina a atate ao.

Anthu a msonkhanowo anafunsana kuti, Nanga awa aphunzira kuwerenga tsopano adzawerenga ciani, ndipo tidzawasunga pamodzi ndi ciani? Anapangana kucita sewero, natuma ophunzira awiriwo kuti akalilembe m'Cikikuyu. Dzina lace linali Ngaahika Ndeenda, ndiko kunena kuti, Ndidzakwatiwa pamene ndifuna.

Tsono apa ndipo pali mutu wa nkhani yathu. Alembiwo atabwera nazo zolemba zao m'caka ca 1977, anthu sanazilandira monga ana alandira mau a mphunzitsi ai. Anaziwerenga pabwalo miyezi yambiri, nazikonza mzere ndi mzere. Nkhalamba zinadzudzula wa Thiong'o kuti Cikikuyu cace cinalikumveka Cizungu, ndi kuti munthu wa imvi salankhula motero, zinamuonetsanso miyambi yoyenera pa malo pace. Anchito a ku fakitale anakonza mau onse onena za malipiro ndi makhalidwe a m'fakitale, pakuti iwo ndiwo anadziwa thukuta lace. Amai anakumbutsa nyimbo ndi magule amakedzana amene anayamba kuiwalika. Ndipo munthu amene anasema mfuti zabodza za m'sewero ndiye yemwe anali kupanga mfuti zenizeni za Mau Mau zaka makumi awiri zapitazo. Cotero mphunzitsi wa ku Yunivesite anasanduka mwana wa sukulu m'cinenero ca amace. Ine ndiyesa kuti ici ndico cacikuru pa moyo wa anthu awiriwa, kuposa mabuku ao ndi ndende yomwe. Pakuti ophunzira ofuna kuphunzitsa mudzi ndi ambiri, koma olola kuti mudzi uwakonze pamaso pa khamu ngowerengeka.

Bwalo la masewero analimanga anthu okha ndi manja ao, lopanda denga, lokhalamo anthu oposa 2,000. Anapangananso kuti mowa usalowe pamalopo. Poyeseza sewero sanabisala, koma ali yense wopita m'njira anali womasuka kuima ndi kupenya ndi kunena maganizo ace. Woyang'anira kacitidwe ka sewero anali Kĩmani Gecaũ, nayenso mphunzitsi wa pa Yunivesite.

Nkhani ya sewerolo ndi iyi. Kĩgũũnda ndiye wanchito waumphawi. Cuma cace conse ndi munda wa ekala imodzi ndi theka, ndipo kalata ya mundawo aipacika pa khoma monga cinthu ca ulemu. Mbuye wace wacuma, Ahab Kĩoi, ndi mkazi wace Jezebel, amkakamiza kuti iye ndi mkazi wace Wangeci akadalitse ukwati wao mu Mpingo. Aumphawiwo, poyesa kuti mwana wa Kĩoi afuna kukwatira namwali wao Gathoni, abvomera, nakongola ndalama ku banki zogulira zobvala ndi zina za phwando, napereka kalata ya munda ikhale cikole. Koma mnyamatayo atampatsa Gathoni pakati amkana. Kĩgũũnda ayambana ndi mbuye wace, nchito itha, ngongole ikanika, ndipo munda ugulitsidwa. Inu owerenga Buku mwazindikira kale Ahabu ndi Yezebeli ndi munda wamphesa wa Naboti. Sitibisa kuti sewerolo linanena zowawa za Akristu, ndipo wa Thiong'o, ngakhale anaphunzira pa sukulu ya mishoni ndi kubatizidwa dzina la James, anataya dzinalo, nakhala wotsutsa Mpingo. Koma mau a Eliya kwa Ahabu sanali ozuna iwonso.

Anayamba kuonetsa sewero pa 2 October 1977, masana a Loweruka ndi a Sabata. Anthu anadza pansi ndi pa mabasi kucokera kutari, ena nakwera m'mitengo kusowa pokhala. Pa 16 November Boma linalanda cilolezo. Ndipo pa kutha kwa December, usiku, apolisi anamtenga wa Thiong'o kwace, namtsekera m'ndende ya Kamĩtĩ wopanda kumzenga mlandu.

Taonani cinthu codabwitsa. M'caka ca 1976 munthu yemweyu, pamodzi ndi mai Mĩcere Mũgo, analemba m'Cingelezi sewero la Dedan Kĩmathi, mtsogoleri wa Mau Mau, ndipo linaonetsedwa m'nyumba yaikuru ya masewero ku Nairobi. M'caka ca 1977 anaturutsa buku la Petals of Blood, lodzudzula eni cuma kolimba, ndipo nduna ya Boma, Mwai Kibaki, ndiyo inatsogolera mwambo wa kuliturutsa. Pa izi zonse sanamangidwa. Koma mau omwewo atalowa m'kamwa mwa alimi ndi osoka nsapato, m'cinenero cao, pa bwalo lao, Boma linacita mantha. Wa Thiong'o anazindikira ici ali m'ndende, natsimikiza mtima kuti nthano zace adzazilemba m'Cikikuyu. Popeza anammana mapepala, analemba buku lathunthu, Caitaani Mũtharaba-inĩ, ndiko kuti Satana pa Mtanda, pa mapepala a kucimbudzi. Jomo Kenyatta atamwalira mu August 1978, Daniel arap Moi anamasula andende otere mu December. Koma nchito ya ku Yunivesite sanambwezera.

Anthu a Kamĩrĩĩthũ sanaleka. Anakonza sewero lina, Maitũ Njugĩra, kapena kuti Amai Ndiyimbireni, lonena za thangata ndi ziphaso za masiku a atsamunda, lodzala ndi nyimbo za mitundu yambiri ya m'Kenya. Linayenera kuonetsedwa ku Nairobi mu February 1982, koma anawatsekera zitseko. Iwo anapita ku Yunivesite, nati tingoyeseza cabe; ndipo anthu zikwi zambiri anadza kudzapenya kuyesezako, kufikira Boma linaletsa ikonso. Pa 11 March msonkhano wa Kamĩrĩĩthũ unathetsedwa, ndipo m'mawa mwace anafika apolisi onyamula mfuti m'magalimoto atatu, nagwetsa bwalo lonse lija.

Kuyambira pamenepo njira za alembi awiri zinasiyana. Wa Thiong'o anali ku London m'caka comweco pamene anamva kuti akabwerera adzagwidwa; anakhala kunja zaka 22, woyamba ku England, pambuyo pace ku America, kumene anaphunzitsa pa Yale, pa New York University ndi ku Irvine m'California. Dzina lace linamveka m'maiko onse, koma mudzi wa kumkonzera mau analibenso, ndipo mbiri yace ya zaka zimenezo iri ya mabuku, si ya masewero ai. Anaponda Kenya kaciwiri m'caka ca 2004, namwalira ku America pa 28 May 2025.

Wa Mĩriĩ anathawira ku Zimbabwe m'caka ca 1982, ndi Gecaũ yemwe. Za iye sizisimbidwa kawirikawiri, komatu nchito ya Kamĩrĩĩthũ yeniyeni anaipitiriza ndiye. Anayenda m'masukulu ndi m'makomboni, kuphunzitsa anyamata ndi anamwali kupeka masewero a mabvuto ao m'Cishona ndi m'Cindebele, natsogolera bungwe losonkhanitsa magulu otere, lochedwa Zimbabwe Association of Community Theatre. Anafa pa ngozi ya galimoto ku Harare mu May 2008, asanakwanitse zaka 60.

Pa malo a bwalo lija Boma linaikapo sukulu ya nchito za manja. Ngaahika Ndeenda linasindikizidwa m'caka ca 1980, ndipo m'caka ca 2022 linaonetsedwanso ku Nairobi, m'nyumba yaikuru yomwe ija imene anthu a Kamĩrĩĩthũ anaipeza yotseka zaka 40 zapitazo. Wa Mĩriĩ anali atagona kale zaka 14, ndi wa Thiong'o anali nkhalamba yodwala kutsidya la nyanja.