Msangu, nsadzu ndi ming'oma ya ku Rivirivi

Chimanga chikauma m'minda ya m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, mitengo yambiri imayamba kuyoyola masamba. Msangu wokha umachita zosemphana ndi inzake. Dzinja lonse umakhala wopanda tsamba, munthu n'kumati unauma, koma mvula ikangokata umaphuka, ndipo cha mu Meyi ndi Juni umakhala utachita maluwa onunkhira, otuwa monkera ku chikasu. Woima pansi pake m'mawa amamva phokoso la njuchi asanazione. Kwa njuchi za ku Utale ndi midzi yozungulira, mtengowu pamodzi ndi nandolo wa m'minda ndiye chakudya chotsiriza chochuluka njala ya m'chilimwe isanalowe.

Ku Ulaya ntchito imeneyi imagwiridwa ndi chomera choyanga m'makoma chotchedwa ivy, chomwe chimachita maluwa kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Mlimi wa ku England amaonetsetsa kuti mng'oma uli ndi uchi pafupifupi makilogalamu 20, amatchinga pakhomo kuti mbewa zisalowe, ndipo njuchi zimaunjikana m'kati miyezi ingapo kuthawa chisanu. Ku Balaka nkhani ndi ina. Usiku wa Juni ndi Julayi umazizira ndithu, koma si kuzizira kopha njuchi. Chovuta ndi njala, ndipo njuchi zakuno sizidikira imfa: chakudya chikasowa zimanyamuka zonse, mwini n'kupeza mng'oma uli gwa. Choncho kukonzekera chisanu kuno kwakhala, kuyambira kale, luso lonyengerera njuchi kuti zisasamuke.

Komatu poyamba panalibe woti anyengerere. Uchi unali wosaka, ndipo mlenje wake ankadalira mbalame, nsadzu, imene Ayao amaitcha sego. Mbalameyi imalira mosalekeza, ikuuluka mtengo ndi mtengo, mpaka itamufikitsa munthu pamphako ya njuchi. Munthu amabwera ndi moto ndi nkhwangwa, zomwe mbalame ilibe. Iyo imadya phula ndi ana anjuchi otsala. Wansembe wa Chipwitikizi João dos Santos, amene anali ku Sofala kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, analemba za kambalame kolowa m'tchalitchi kukadya phula la makandulo a paguwa. Patapita zaka mazana anayi, mu 2016, Claire Spottiswoode ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza pakati pa Ayao a m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique: alenje akaitana nsadzu ndi kaliridwe kawo konjenjemeretsa lilime kotsatizana ndi kubuula, mwayi wopeza njuchi unkakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa maulendo 100 alionse. Niassa yemweyo ndi kumene kunachokera Ayao amene anadzakhazikika ku Machinga ndi m'mbali mwa Shire m'zaka za m'ma 1800.

Mlenje wotere analibe chifukwa choganizira za Juni. Ankagwetsa mtengo, kufukiza njuchi ndi muuni wa udzu, kutenga zisa zonse, n'kumapita.

Maganizo anasintha pamene munthu anayamba kukhala ndi njuchi zakezake. Mng'oma wa khungwa unkasendedwa ku mombo kapena mchenga, mitengo ya kumapiri a Machinga ndi kumtunda kwa Ntcheu kumene Rivirivi amachokera. Kuchigwa kwachuluka tsanya ndi milambe. Khungwa ankalikulunga, kulisoka ndi zikhomo zamtengo, kutseka mbali zonse kusiya kabowo, n'kulipachika pamphanda patali ndi pansi. Mng'oma unali ndi mwini ngakhale uli pakati pa thengo, ndipo ankautsirika kuti wakuba aope. David Livingstone anaona ming'oma yotere m'dziko la Alunda mu 1854, ndipo analemba kuti kachingwe ka mankhwala komangidwa patsinde kankakwanira kuopseza mbala. Mwini wanzeru pofula sankakokolola: ankasiya zisa zingapo, podziwa kuti akatenga zonse m'masika, pofika Julayi njuchi zidzakhala zitapita.

Chimene chinkapita kutali si uchi ayi, koma phula. Uchi unkathera pakhomo, mu mowa ndi m'mankhwala a chifuwa. Phula siliwola, limaumbika m'zibuma zosavuta kusenza, ndipo ku Ulaya linkafunidwa popanga makandulo. Amalonda a Chiyao ankalinyamula pamodzi ndi minyanga kupita kunyanja ya mchere, ndipo m'masiku oyamba a Nyasaland, pamene kampani ya Mandala yokhazikitsidwa mu 1878 inkayendetsa sitima pa Shire, phula linali m'gulu la katundu wotuluka m'dziko. Kenaka thonje linalanda malo. Njanji yodutsa pa Balaka itafika ku Salima mu 1935, dera la Balaka linadziwika ngati dziko la thonje, ndipo m'zaka zotsatira kunabwera mankhwala opopera mbozi, omwe sasankha pakati pa mbozi ndi njuchi.

A zankhalango sanaukonde mng'oma wa khungwa, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mtengo wosendedwa mozungulira umafa. Komabe mlanduwu unakula kuposa msinkhu wake. Mlimi wa ming'oma ankasankha mtengo umodziumodzi, ndipo nkhalango yotsalayo ankaiteteza ku moto chifukwa munali chuma chake. Wowotcha makala, amene matumba ake aima ndandanda m'misewu ya Balaka ndi Liwonde lero, sasiya kanthu.

Mng'oma wamatabwa wokhala ndi timitengo topingasa pamwamba unakonzedwa ku Kenya cha m'ma 1970 mothandizana ndi yunivesite ya Guelph ya ku Canada. Ku Malawi unafala kwambiri kudzera m'ntchito ya ulimi wa njuchi yothandizidwa ndi boma la Germany, yomwe inayambira kumpoto, kuzungulira Nyika ndi Vwaza, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Lamulo la zankhalango la 1997 linatsegula njira yoti midzi izisamalira nkhalango limodzi ndi boma, ndipo magulu ambiri a m'midzi anasankha njuchi ngati phindu losafuna nkhwangwa. Bungwe la African Parks, lomwe linayamba kuyendetsa paki ya Liwonde mu 2015, nalo lalimbikitsa ulimiwu m'midzi yoyandikana ndi pakiyo.

Ubwino wa mng'oma watsopanowu ndi wakuti mlimi amatha kuona m'kati, kutukula chisa chimodzichimodzi osapha ana. Koma wabweretsanso ntchito imene agogo sankaidziwa, chifukwa umapachikidwa pafupi ndi pansi, pomwe adani onse amafika. Msangu ukamachita maluwa, mlimi amachotsa zisa zakale zopanda kanthu kuti njenjete zisaswanemo, amachepetsa khomo, amamata ming'alu, ndi kufolera udzu pamwamba. Mawaya opachikira amawapaka oyilo wakutha kapena girisi kuti linthumbu lisakwere. Amalambula udzu mozungulira moto wa osaka mbewa usanayambe. Rivirivi akamaphwa m'chilimwe, amaika madzi m'chidebe n'kuponyamo timitengo kuti njuchi zisamire. Ndipo pali chiuli, kanyama kolimba mtima komwe kamagwetsa mng'oma usiku n'kung'amba matabwa, kosasamala za mbola.

Msangu wapulumuka nkhwangwa m'minda yambiri pa zifukwa zosakhudza njuchi: masamba ake amagwa nthawi yodzala n'kuwonjezera chonde, sutchinga chimanga ndi mthunzi, ndipo zipatso zake mbuzi ndi ng'ombe zimazilimbirana. Ukatha maluwa, njuchi zimadya zomwe zasunga mpaka mango atachita maluwa cha mu Ogasiti, kenaka mombo kumapiri mu Seputembala ndi Okutobala. Ming'oma yomwe njuchi zathawamo mlimi amaitsuka, kuiwaula pang'ono ndi moto, n'kupaka phula patimitengo tapamwamba kuti ikope magulu a njuchi osamuka m'miyezi yotentha, ndipo ikalowedwa msanga ina imafulidwa mvula yoyamba itagwa.